Kayak ya nthiti ndi chikopa: muikhome nokha kapena musankhe njira ina?

Nthiti yachisanu ya bwato lomwe ndinkakhoma itathyokera m'manja mwanga, ndinaphula ketulo pambaula n'kukhala pansi pakhonde. Paipi yomwe ndinkafewetseramo timatabwa inali ikutulutsabe nthunzi, ndipo tizidutswa ta paini tomwe tinali mbwee pansi tikanakwana kuphikira ndiwo. Alamu anga, amene ndi kalipentala wa zitseko ndi mabedi, anali ataima potero manja ali m'thumba. "Alamu," anatero, "bwato lopanda msomali ngakhale umodzi, lokutidwa ndi nsalu, mukufuna kukwera ndinu kapena mukupangira mdani wanu?"

Bwatolo linatha, ndipo linayandama. Koma pofika polimaliza ndinali nditazindikira kuti ndinayamba ndi funso lolakwika. Ine ndinkadzifunsa ngati ndingathe kulikhoma. Kukhomako n'kosavuta kwenikweni; aliyense wodziwa kugwira sowo ndi tchizulo angathe. Chofunika kufunsa n'chakuti bwato limeneli linapangidwira ndani, pamadzi otani, ndipo inuyo mukufanana bwanji ndi munthu ameneyo.

Eni ake

Ambiri tinaona kayak koyamba kwa alendo opalasa timabwato tofiira ndi tachikasu ku Cape Maclear, n'kumayesa kuti ndi choseweretsa cha azungu. Eni ake enieni ndi a Inuit a ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, a Yup'ik a ku Alaska, ndi a Unangan a pazilumba za Aleutian. Dzinali likuchokera ku mawu a Inuit akuti qajaq. Kumadera ambiri kumeneko mitengo ikuluikulu simera, choncho kusema bwato la mtengo umodzi ngati la kwathu kunali kosatheka. Ankatola mitengo yobwera ndi madzi pagombe, n'kuing'amba timitengo tating'ono, kumanga chimango, kenako amayi ankasoka zikopa za nyama ya m'nyanja yotchedwa seal n'kuzikunga pachimangopo. Ulusi unali mitsempha ya nyama, ndipo msoko wake unali wapawiri, singano yosaboola chikopa mpaka kuseri pamalo amodzi, kuti madzi asapeze polowera. Pomaliza ankapaka mafuta.

Linali bwato la mlenje mmodzi, lopitira kukasaka seal panyanja kapena nyama zotchedwa caribou zikamawoloka mtsinje. Muyeso wake unkatengedwa pathupi la mwiniwake: kutalika pafupifupi mikwamba yake itatu, m'lifupi chiuno chake kuwonjezapo nkhonya ziwiri, kuya kwake nkhonya imodzi yotukula chala chachikulu. Zikatero mumapeza bwato la mamita 5 kapena kupitirirako pang'ono, koma m'lifupi masentimita 50 okha. Yesani kuyeza masentimita 50 pansi, mukhalepo mutatambasula miyendo, muone. Ili ngati suti ya kwa telala: imakwana mwini yekha, wobwereka imamuthina kapena kumukhwepa.

Njira yoyamba: kutsatira ya mlenje ndendende

Iyi ndi imene imakopa mtima, ndipo inenso ndi imene inandikopa. Kayak ya kumadzulo kwa Greenland ndi yowongoka ngati nkhafi, yotsika pafupi ndi madzi, mphepo siikankha kwambiri. Kapangidwe kake n'kabwino moti mabwato ambiri amakono a panyanja anatengera pomwepo. Mu 1959 mnyamata wa ku Scotland, Ken Taylor, anapita kumudzi wa Illorsuit ku Greenland, kumene Emanuel Korneliussen anamukhomera kayak. Atabwera nayo kwawo, amisiri a ku Britain anaiyeza n'kutengera maonekedwe ake, ndipo mwa mabwato omwe anabadwa mmenemo muli Anas Acuta, ya fibreglass (ulusi wa galasi wolimbitsidwa ndi guluu), yomwe inayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Kamangidwe kake aliyense amene anaonapo denga la udzu likumangidwa akamva msanga. Pali mitengo iwiri italiitali ya m'mbali, ndiyo imasenza mphamvu zonse. Pakati pake pamalowa mipingasa, pansi pake nthiti 20 kapena 25 zopindidwa, ndiyeno msana ndi timitengo tiwiri totsatana nawo mbali iyi ndi iyo. Zonsezi zimagwirana ndi zikhomo zamtengo ndi zingwe, monga momwe luzi limagwirira phaso. Masiku ano chingwe chake ndi ulusi wolimba wopakidwa phula. Funde likamenya, chimango chimagwedera pang'ono n'kubwerera mwakale, pamene mfundo ya msomali kapena guluu ikanang'aluka.

Ubwino wake ndi wooneka. Imalemera makilogalamu 12 mpaka 16, moti mumainyamula paphewa nokha kuchokera kunyumba mpaka kudooko. Zipangizo ndi sowo, pulena, tchizulo, chiboolero, mpeni wakuthwa ndi singano yaikulu. Magetsi akathima ntchito siima. Wodziwa amaimaliza m'maola 50 mpaka 80, ndipo kumayiko kumene kuli makalasi ake anthu amachoka ndi bwato lawo patatha sabata imodzi ndi masiku ochepa. Ine inanditengera miyezi itatu ya Loweruka ndi Lamlungu masana, theka la nthawiyo ndikulimbana ndi nthiti.

Za nthitizo ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Paini wouma ndi wabwino pamitengo ya m'mbali ngati mwapeza wopanda mfundo, koma sapindika ndi nthunzi: amangoti thyo. Kunja amagwiritsa ntchito mitengo yolimba yaiwisi monga oak ndi ash, yong'ambidwa motsata mitsempha yake, yochindikala mamilimita 6 kapena 7, yokhala munthunzi mphindi 10 mpaka 15. Ikatuluka muli ndi kanthawi kochepa kwambiri koipinda isanazizire. Alenje ena akale ankailumaluma ndi mano pamalo opindikapo kuti ifewe. Ine mano anga ndinawamvera chisoni, ndipo chomwe chinandipulumutsa ndi nsungwi yokhwima, yong'amba ndi kupala ngati yolukira nkhokwe. Imapindika mosakana. Vuto lake imafumbwa, choncho iyenera kuuma bwino ndi kupakidwa mafuta kapena vanishi isanakutidwe.

Tsono kuipa kwake. Bwato la masentimita 50 limatembenuzika mukangoyetsemula mosakonzekera. Kwa mlenje wa ku Greenland limeneli silinali vuto lalikulu, chifukwa ankaphunzira kuyambira ali mwana kudzuka nalo ali chikhalire momwemo, mutu utaloza pansi pa madzi, pogwiritsa ntchito nkhafi, kamtengo koponyera mkondo, ngakhale dzanja lokha. Ankavala chovala chachikopa chotchedwa tuilik chomwe chinkamangidwa kumaso, m'mikono ndi pakamwa pa bwato polowera munthu, madzi osalowa. Kutuluka m'bwato pamadzi ozizira ngati amenewo kunali imfa. Lusoli linatsala pang'ono kutha mabwato a injini atabwera, mpaka m'zaka za m'ma 1980 pamene achinyamata a ku Greenland anakhazikitsa bungwe la Qaannat Kattuffiat, lomwe limachititsa mipikisano yokhala ndi njira zoposa 30 zodzukira. Ngati inu mulibe wokuphunzitsani ngakhale njira imodzi, bwatoli mudzalikwera kawiri n'kulipachika kudenga.

Chinanso, pakamwa pake ndi pang'ono. Mumalowa mutakhala kumbuyo kwake n'kulowetsa miyendo yonse iwiri yowongoka, ntchafu n'kukanikizidwa ndi mpingasa wopindika wotchedwa masik. Ife a mimba za nsima ndi mawondo olimba, pakatha ola limodzi miyendo imachita dzanzi. Malo oika katundu mulibe: botolo la madzi, kamba pang'ono, basi.

Nanga chikopa chenicheni?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, poti kwathu zikopa za ng'ombe n'zosasowa. Za chikopa cha seal iwalani. Malonda ake ndi oletsedwa m'mayiko ambiri: America inaletsa ndi lamulo la 1972 loteteza nyama zoyamwitsa za m'nyanja, mayiko a European Union analetsa mu 2009, kupatulako zochokera kwa alenje a Inuit. Ngakhale kwa eni akewo chikopa chinali ntchito yosatha: kuchiumitsa pakapita masiku, kuchipaka mafuta kawirikawiri, kuchibisa kwa agalu, kenako n'kusoka china pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. N'chifukwa chake a ku Greenland omwewo, nsalu yokhuthala itayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1900, ambiri anasiya chikopa n'kumakuta ndi nsalu yopaka utoto.

Cha ng'ombe chinagwirapo ntchito kwina. Anthu a ku Ireland ankakuta nacho mabwato awo otchedwa currach, ndipo mu 1976 ndi 1977 Tim Severin anawoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku Ireland mpaka ku Newfoundland m'ngalawa ya zikopa za ng'ombe zofufutidwa ndi makungwa a oak n'kupakidwa mafuta a ubweya wa nkhosa. Koma iye anadutsa njira ya kumpoto, m'madzi ozizira. M'madzi ofunda ngati a nyanja yathu chikopa chimafewa, kutamuka ndi kuwola msanga, ndiponso n'cholemera. Kungirani ng'oma, kumeneko ndiye kwake.

Nsalu zomwe zilipo ndi zitatu. Ya nayiloni yokhuthala ndiyo yolimba kwambiri pomenya mwala, koma ikanyowa kapena kukazizira imakhwefuka n'kuchita makwinya, dzuwa likawala n'kukungikanso. Ya polyester siisintha choncho, ndipo mukaisoka mumaikunga poisita ndi simbi yotentha. Kung'ambika ndiye imafulumirako poyerekeza ndi nayiloni. Ya thonje yokhuthala, yonga ya matenti akale, ndi yomwe imapezeka mosavuta ndipo imagwira bwino utoto wamafuta, koma imalemera ndipo mukaisunga yonyowa imachita nkhungu n'kuwola. Ziwiri zoyambazo kawirikawiri mumachita kuitanitsa kunja limodzi ndi mankhwala ake opaka a polyurethane, ndipo ndalama yotumizira ikhoza kuposa mtengo wa matabwa onse. Ine ndinakuta ndi ya thonje, n'kupaka utoto kanayi.

Njira yachiwiri: kamangidwe komweko, muyeso wanu

Apa ndi pamene ndikanayambira ndikanakhala ndi wondilangiza. Mumamanga chimango chomwecho, zingwe zomwezo, nsalu yomweyo, koma bwato mumalifupikitsa kufika mamita 4 kapena 4 ndi theka, n'kulikulitsa m'lifupi kufika masentimita 58 kapena 60. Pakamwa mumapatalikitsa kuti muzitha kukhala kaye pansi kenako n'kulowetsa miyendo umodziumodzi. Kusiyana kwa masentimita 8 kapena 10 kumaoneka kochepa papepala, koma pamadzi ndiko kumakulolani kutembenuka n'kuyang'ana kumbuyo, kutola chipewa chikagwa, kapena kuponya mbedza.

Ena amanyoza njirayi kuti si yachikhalidwe. Ine ndimaona kuti akulakwitsa. Mabwato a ku Arctic sanali amtundu umodzi. A pazilumba za Aleutian, omwe anthu a ku Russia anawatcha baidarka, anali ndi mphuno yogawanika pawiri. A kumadera ena a ku Alaska, cha ku Bering Sea, anali aafupi, otakata ndi akuya, otha kunyamula nyama ndi katundu mkati. Dera lililonse linkapanga logwirizana ndi madzi ake ndi nyama yomwe ankasaka. Wopanga bwato lokwana thupi lake ndi madzi ake akutsata mwambowo kuposa wokopera muyeso wa mlenje wina amene anali wamfupi ndi wopepuka kuposa iye.

Pali kanjira kachidule mkati mwa njira yomweyi: m'malo mopinda nthiti ndi nthunzi, mumadula mafelemu 6 kapena 7 papulayiwudi n'kumangirirapo timitengo titalititali. Umu ndi momwe mabanja ambiri a ku Britain ankapangira mabwato a nsalu m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, potsata mapulani a Percy Blandford. Silikongola mkati ngati la nthiti, koma kwa amene alibe mtengo wopindika, limathetsa mutu wonse uja wa ketulo ndi paipi.

Njira yachitatu: pulayiwudi wosoka ndi kumata

Mumadula zipande za pulayiwudi wa mamilimita 4 motsata pulani, kuziboola m'mphepete, kuzisoka ndi waya wa kopa, kenako kumata mizere yonse ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy ndi nsalu ya fibreglass. Bwato limatuluka lolimba, losalala, lolemera makilogalamu 16 mpaka 20. Chachikulu chomwe limaposera la nsalu n'chakuti mungalitseke zipinda kutsogolo ndi kumbuyo: katundu amakhala wouma, ndipo likatembenuzika madzi amangodzaza pokhala munthu pokha.

Chovuta ndi zogula. Pamafunika pulayiwudi wa m'madzi weniweni, osati wa siling'i amene amafufuma n'kusendeka akangonyowa kawiri. Epoxy ndi wodula, kukatentha amauma muli pakati pomupaka, amafuna magolovesi, ndipo fumbi lake popala si lopuma. Mukalakwitsa kudula chipande chimodzi mwataya thabwa lonse, pamene pa bwato la zingwe mumangomasula mfundo n'kumanganso. Kwa amene ali ku Cape Town kapena ku Britain, komwe zinthuzi mumazigula pafupi, njira iyi ndi yanzeru kwa wofuna maulendo ogona kutali. Kwa amene ali ku Nkhotakota, ndalama zake zikhoza kufanana ndi kungogula bwato lopangidwa kale.

Ziwiri zongodutsa

Pali yomata timizere ta matabwa opepuka kamodzikamodzi pachikombole, kenako n'kukuta ndi fibreglass. Imakongola ngati kabati ya m'chipinda chochezera, koma imadya maola 200 kapena kuposa, ndipo mwini amamva kuwawa nthawi iliyonse ikakhudza mchenga. Mtengo wake woyenera kunja ndi cedar. Musaganize n'komwe za mkungudza wa ku Mulanje, womwe watsala pang'ono kutheratu.

Palinso yopinda, ya chimango chomasula n'kuika m'zikwama, yomwe kampani ya Klepper ya ku Rosenheim ku Germany inayamba kupanga mu 1907. Kulimba kwake n'kosakayikitsa: mu 1956 Hannes Lindemann ananyamuka nayo ku Canary Islands n'kuwoloka Atlantic yekha m'masiku 72. Imathandiza wokhala m'fulati yopanda posungira. Mtengo wake ndi woti mungagule njinga yamoto.

Ya pulasitiki

Tinene zoona, anthu ambiri amene amafunsa za kayak, ya pulasitiki ndi imene akufuna. Imalemera makilogalamu 25 mpaka 30, siikongola, dzuwa limaifooketsa pakapita zaka, ndipo ikaikidwa molakwika potentha imapindika mimba. Koma mumaikwekweza pamiyala, kuibwereketsa kwa ana a achemwali anu, kuisiya panja usiku, iyo phee. Yokhala pamwamba, yopanda pakamwa polowamo, ikatembenuzika mumangoitembenuzanso n'kukwera. Ngati bwato ndi la banja lonse, la alendo kapena lowedzera m'mbali mwa miyala, gulani yogwiritsidwapo kale ntchito ndipo musadzimvere manyazi.

Bwato losema la asodzi athu silili pampikisano umenewu. Ntchito yake ndi ina: kunyamula ukonde, nyali ndi nsomba, tsiku ndi tsiku, kwa zaka. Kayak ya nsalu singaigwire ntchito imeneyo. Chomwe imaposera n'chakuti matabwa ake onse amatuluka m'mapulanga awiri kapena atatu, pamene losema limadya mtengo wonse waukulu, womwe masiku ano amisiri amausaka kutali.

Madzi anu ndi otani?

Mantha a alamu anga anali pa nsalu, kuti ibooka. Imabooka, koma osati msanga monga anthu amaganizira, poti ikagunda chinthu chobulungira imalowa mkati n'kubwerera. Adani ake ndi zinthu zakuthwa, monga chitsulo chobisika m'matope, botolo losweka kapena bango lodulidwa mopendeketsa, komanso mchenga wolowa mkati n'kumadya nsalu pakati pa iyo ndi msana. Ikabooka mumasoka chigamba ngati pa thalauza n'kupakapo utoto. Pakapita zaka zingapo mumasenda nsalu yonse n'kukuta ina, chimango chili chomwecho.

Choopsa chenicheni chili pena. Bwatoli lilibe zipinda zotseka, choncho likatembenuzika inu n'kutuluka, limadzaza madzi kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Silimira msanga chifukwa cha matabwa, koma kulikweranso n'kukapa madzi muli pakati pa nyanja ndi kovuta kwambiri. Muyenera kuikamo matumba a mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, odzaza malo onse opanda miyendo, ndipo muwamangirire. Ngakhale machubu a galimoto opopa pang'ono amathandiza kuposa kupita opanda kanthu. Jekete yoyandamitsa ndiye yosakambirana.

Kwa amene ali ku Scotland kapena ku Canada, mdani ndi kuzizira: madzi ake amafoola manja m'mphindi zochepa, ndipo zovala zoyenera zimadula kuposa bwato lomwe mwapangalo. Panyanja ya Malawi madzi ndi ofunda, zomwe zimapangitsa kuphunzira kudzuka kukhala kosavuta, koma mwera wa miyezi yozizira umadzutsa mafunde aafupiafupi otsatizana omwe asodzi okhwima amawapatsa ulemu n'kukhala pamtunda. Kumatsiriro a mitsinje ndi mu Shire kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo pamenepo pakati pa inu ndi madzi pali nsalu yochindikala ngati ya jini. Ine kumeneko sindipitako ndi bwato lililonse laling'ono, la nsalu kapena la pulasitiki. Posungira napo muganizire: pamthunzi, pokwera, pouma, kutali ndi chiswe ndi makoswe.

Musanasoke nsalu

Ngati mwasankha kumanga, pali chinthu chimodzi chomwe njira ya zingwe yokha imakulolani. Chimango chikatha, chikulungeni ndi pulasitiki yopyapyala yokutira zakudya, mizere yambiri yosanjikizana, mumate ndi tepi, n'kupita nacho pamadzi ofika m'chiuno. Chimakupatsani mphindi 10 kapena 15 madzi asanalowe, zokwanira kudziwa ngati bwatolo likukulolani.

Langa loyamba sindinaliyese choncho, n'chifukwa chake lili kudenga. Lachiwiri ndinaliyesa m'mawa wina kusanachite mphepo, alamu atagwira kumchira, thalauza atapinda mpaka m'mawondo. Atangosiya, bwato linayamba kunjenjemera pansi panga ngati mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Tinalitulutsa, kung'amba pulasitiki, kumasula timitengo tiwiri ta m'mbali mwa msana n'kutisunthira kunja zala ziwiri mbali iliyonse, kumanganso, kukulunganso. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditapalasa mpaka pamwala wina n'kubwerako, matako okha atanyowa. Alamu sananene kanthu. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde atatenga tepi yoyezera, akudziyeza m'chiuno.